Pabenchi la Mawaya: Mayankho a Mwezi wa Okutobala

Makalata a mwezi uno ndawerengera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shopu, chifukwa mkati simukukhalika. Amene munakhalapo kuno ku Mangochi nyengo ino mukudziwa kuti ikamakwana 10 koloko m'mawa malata amakhala atayamba kale kuthetheka, ndipo kamphepo kochokera ku Shire kamafika ngati kadutsa pang'anjo. Zipangizo nazo zimamva kutenthaku ngati ife tomwe. Mafoni otupa batire, mainiveta opsa ndi mawailesi ongozima okha amachuluka pabenchi langa miyezi ino kuposa nthawi ya mwera. Makalata ena ndawafupikitsa, koma funso la munthu sindinalisinthe.

FUNSO: Akulu, ndapanga kachipangizo ka Arduino Uno (kabolodi koikamo pulogalamu) ndi SIM800L (kabolodi kolowetsamo simu khadi) koti kazinditumizira SMS thanki ya madzi ya kudimba kwa bambo anga ikadzaza. Sensa ikugwira bwino, manambala akuoneka pa laputopu. Koma nthawi yotumiza uthenga ikangokwana, zonse zimazima n'kuyambiranso. Khodi ndailemba katatu konse. Ndikulakwitsa pati? Ndine mnyamata wa ku Namwera.

YANKHO: Achimwene, khodiyo isiyeni, ilibe mlandu. Simunandiuze kumene SIM800L ikutenga magetsi, koma ndikuganiza kuti mwailumikiza pa phini ya 5V kapena ya 3.3V ya Arduino, ndipo Arduinoyo ikudya kuchokera pa USB ya laputopu. Ngati zili choncho, kabolodi kanuko kakukomoka ndi njala.

SIM800L imafuna magetsi a pakati pa ma volt 3.4 ndi 4.4. Ndiye kuti 5 ndi ochuluka, 3.3 ndi operewera. Ikakhala phee imadya pang'ono kwambiri, koma ikamalankhula ndi nsanja ya netiweki siikoka magetsi mosalekeza ngati babu. Imameza mwamphamvu kwa kanthawi kongopitirira theka la millisecond (sekondi imodzi ili ndi ma millisecond 1,000), n'kupuma, n'kumezanso, ndipo imabwereza zimenezi pa ma millisecond 4.6 aliwonse. Pakumeza kulikonse ikhoza kukoka mpaka ma amp 2. Tsono USB wamba ya laputopu inapangidwa kuti izipereka theka la amp basi, ndipo phini ya 3.3V ya Uno imalekezera pa ma milliamp 50. Zili ngati kuponya ndowa yaikulu m'kachitsime kongodontha m'chilimwe: ndowa yoyamba yomweyo, pansi pauma. Magetsi akagwa choncho, SIM800L imazima, ndipo nthawi zambiri imagwetsa ndi Arduino yomwe.

Chopweteka n'chakuti mita yanu sikuuzani zimenezi. Mukayeza muona nambala yabwinobwino, chifukwa mita wamba imawerenga kawiri kapena katatu pa sekondi, pamene kugwako kumayamba ndi kutha iyo isanaone kanthu. Ine vuto lomweli linandidyera masabata awiri pamene ndinkapanga alamu ya pachigayo cha bambo ena ku Mpondasi. Ndinasintha simu khadi, ndinasintha Arduino, ndinafufuta khodi yonse n'kuyambira pachiyambi ngati inuyo. Eni chigayo ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa, ine manyazi ali tho. Chimene chinanditsegula maso ndi kanyali kakang'ono ka pabolodipo. Kakamaphethira pafupifupi sekondi iliyonse ndiye kuti ikusakabe netiweki, kakamaphethira kamodzi pa masekondi atatu ndiye kuti yalowa. Yanga inkaphethira kangapo, n'kukhala zii, n'kuyambanso. Inkafa pa nthawi yeniyeni imene inkayesa kuitana nsanja.

Chitani izi. Ipatseni SIM800L chakudya chakechake. Njira yapafupi ndi batire limodzi la lithium la 18650, longa aja a m'kati mwa batire la laputopu, chifukwa likakhala ndi chaji chokwanira limayenda pakati pa ma volt 3.7 ndi 4.2, ndendende pamene iyo imakonda. Ngati kudimbako muli ndi batire la sola la ma volt 12, pezani kabolodi kotsitsa magetsi ka LM2596, mukapotokole kasikuluwu kake mukuyang'ana mita mpaka kafike pa 4.0 musanalumikize china chilichonse. Pafupi penipeni ndi miyendo ya VCC (+) ndi GND (-) ya SIM800L wotchererani kapasita ya ma microfarad 1000, mwendo wa mzere woyera ku GND. Kapasitayo ndi nkhokwe yapakhomo imene imapereka pa nthawi yomeza ija batire lisanayankhe. Timawaya topyapyala tija tobaya pa breadboard (kabolodi ka timabowo koyeserapo) musatigwiritse ntchito pamenepa, ikani waya wonenepa, wamfupi, wowotcherera. GND ya Arduino ndi ya SIM800L zilumikizane, apo ayi ziwirizi sizimvana. Ndipo pa waya wochoka pa TX (phini yotumizira) ya Arduino kupita ku RX (phini yolandirira) ya SIM800L ikanipo ma resistor awiri otsitsa mphamvu, chifukwa Uno imalankhula ndi ma volt 5 pamene inzakeyo inapangidwira ochepera 3.

Kwanuko n'kumapiri. Netiweki ikakhala yofooka chipangizo chimafuula kwambiri kuti chimveke, ndipo kufuulako kumadya magetsi ochuluka. Choncho kanthu kamene kagwira bwino pamsika pa Namwera kakhoza kukakanika m'dambo. Eriyo itulutseni kunja kwa bokosi, makamaka ngati bokosilo ndi lachitsulo. Kumbukiraninso kuti SIM800L imadziwa 2G yokha.

Chinanso, popeza kachipangizoka kazikhala koyaka usana ndi usiku. Ngati mu khodi mukuwerenga nthawi ndi millis(), imene imawerenga ma millisecond chiyakireni Arduino, isungeni mu unsigned long, malo osungira manambala aakulu. Pa Uno, int, malo osungira manambala aang'ono, imathera pa 32,767, ndiye mukaisunga mmenemo isokonekera pasanathe masekondi 33. Ngakhale unsigned long imadzaza pakatha masiku 49 ndi maola angapo, n'kubwerera pa ziro. Mukamalemba mochotsera, nthawi ya tsopano kuchotsapo nthawi yakale, kubwerera pa ziroko sikudzakuvutani. Mudzandilemberenso likadzakwana tsiku la 50, ndikufunitsitsa kudzamva kuti thankiyo ikulankhulabe.

FUNSO: Bambo, ndine mlembi wa gulu la amayi ogulitsa nsomba. Mwana wa achemwali anga anatipangira pulogalamu yotumiza SMS kwa mamembala yokumbutsa za msonkhano ndi ngongole. Uthenga ndi waufupi, zilembo ngati 140, koma ndalama zikutha ngati tatumiza mauthenga atatu kwa munthu aliyense. Amayi ayamba kundikayikira ine. Ndine mayi wa ku Monkey Bay.

YANKHO: Mayi, muwerengereni gulu lonse yankho ili kuti dzina lanu liyere, chifukwa ndikukhulupirira kuti palibe amene wadya ndalama. Kayang'aneni uthengawo bwinobwino. Kodi muli chilembo cha ŵ, monga mu Malaŵi kapena maŵa? Nanga kachizindikiro kapamwamba ka m'mawu ngati m'mawa, n'kofunika, ng'ombe, kali kowongoka kapena kopindika ngati kambedza?

SMS inayamba kalekale, uthenga woyamba unatumizidwa ku Britain mu Disembala 1992, ndipo malo ake sanakule mpaka lero. Uthenga umodzi uli ndi ma byte 140, kapena kuti ma bit 1,120. Amene anaipanga anasankha kagulu ka zilembo koti chilichonse chizitenga ma bit 7, ndipo 1,120 kugawa ndi 7 ndi 160. N'kumene kunachokera malire a zilembo 160 aja. M'kagulu kameneko anaikamo é, ü, ñ ndi zina za zilankhulo za ku Ulaya, koma ŵ wathu mulibe, ndi kachizindikiro kopindika kaja namonso mulibe. Chilembo chimodzi chokha chachilendo chikalowa, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe kena kamene chilembo chilichonse chimatenga ma bit 16. Pamenepo malo amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo uthenga ukakhala wautali woti udulidwe, chidutswa chilichonse chimanyamula 67 zokha. Werengani nokha: zidutswa ziwiri ndi 134, zanu ndi 140, ndiye zilembo 6 zotsalazo zikulipiritsani uthenga wachitatu.

Kambedzako nthawi zambiri kamalowa munthu akalemba uthenga mu Microsoft Word n'kuukopera mu pulogalamu, chifukwa Word imapinda kachizindikiroko yokha pofuna kukongoletsa. Ife Achewa timakagwiritsa ntchito pafupifupi m'chiganizo chilichonse, ndiye msampha umenewu umatikola kawirikawiri kuposa anthu ena. Mnyamata wanuyo awonjezere mizere iwiri itatu yoti pulogalamu isanatumize izisintha kopindika kukhala kowongoka, ŵ kukhala w, ndipo izionetsa pa sikirini kuti uthengawo utuluka zidutswa zingati.

Kunena zoona, kulangiza munthu kuti achotse ŵ kumandiwawa. Ndi chilembo cha m'dzina la dziko lathu, ndipo agogo anga ankachitchula momveka, milomo osaitseka. Chikutha kale m'zolembalemba popanda ife amakompyuta kuchikankhanso. Ndiye pempho langa kwa mnyamatayo ndi lakuti achichotse pakhomo potulukira SMS pokha. Mu database, nkhokwe imene pulogalamu imasungiramo zinthu, mayina ndi mawu asungidwe mmene alili, mu UTF-8, kalembedwe kolandira zilembo zonse, ŵ ali pamalo pake.

Ayesenso kulembetsa membala amene dzina lake lili ndi kachizindikiro kaja, monga mayina oyamba ndi Ng' kapena M'. Pulogalamu ikagwa, ndiye kuti akumata dzinalo mwachindunji m'chiganizo cha SQL, chilankhulo cholamulira database, ndipo database ikuona kachizindikiroko ngati mathero a mawu. Aphunzire kugwiritsa ntchito parameterized query, njira yoperekera dzinalo padera osalimata m'chiganizocho. Kabowo komweko n'kamene akuba a pa intaneti amalowera, ndiye asakanyozere poti ndi pulogalamu ya kagulu kakang'ono.

FUNSO: Ndine siginala pa chilimira. Tinasiya nyali za palafini, pano timayatsa mababu a LED anayi a ma watt 10 lililonse ndi batire la galimoto la N50. Masana timalitchaja ndi panelo ya ma watt 50. Chaka chino tagula mabatire awiri, onse afa. Kodi ogulitsa akutipatsa zachinyengo? Ndine msodzi wa ku Makanjira.

YANKHO: Achimwene, mabatire achinyengo alipo ndithu, koma musanakakangane ndi wogulitsa tiyeni tiwerengere limodzi. Mababu anayi a ma watt 10 ndi ma watt 40. Kugawa ndi ma volt 12, akukoka ma amp 3.3. Mukayatsa maola 8 usiku umodzi mwachotsa ma amp-hour pafupifupi 27, ndiko kuti kupitirira theka la N50. Panelo ya ma watt 50 dzuwa likakhala paliwombo imapereka ma amp osafika 3, ndipo dzuwa lamphamvu chotero limakhala maola 5 kapena 6 patsiku. Ndiye mukubweza 15 kapena 17, mutachotsa 27. Tsiku lililonse batire likupita panyanja lili ndi ngongole ya dzulo. Batire la asidi likakhalitsa losadzaza, pamapuleti pake pamamera chikhungu choyera cholimba cha sulphate, ndipo chikalimba sichichokanso.

Palinso mbali ina. Simunatchule kontirola, kachipangizo koletsa batire kutchajidwa mopitirira, ndiye ndikuganiza kuti panelo mumailumikiza ku batire mwachindunji. Mwezi ukawala, usipa osabwera ku nyali, inu mumapuma, batire n'kukhala pa panelo masiku angapo. Panelo yolembedwa kuti 12V ikakhala yopanda katundu imafika ma volt 21 kapena 22. Batire likadzaza popanda choletsa, madzi ake amayamba kuwira n'kuuma. Choncho masabata ena likufa ndi njala, masiku ena likupsa. Onjezanipo mchenga wa ku Makanjira masana. Mabatire amayezedwa pa madigiri 25, ndipo madigiri ena 10 akawonjezeka moyo wake umadulidwa pafupifupi pakati. Panelo ikhale padzuwa, batire likhale pamthunzi, pathabwa.

Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako lidzazidwe nthawi yomweyo. Ntchito yanuyo imafuna la sola, lolembedwa deep cycle, la ma amp-hour 100, panelo yosachepera ma watt 120, ndi kontirola pakati. Ndikudziwa kuti ndi ndalama, ndipo usipa sukugwidwa ngati kale. Koma ngati simungagule zonse pakamodzi, yambani ndi kontirola ya PWM ya ma amp 10, ndi yotsika mtengo pa zonsezi, kenako panelo yachiwiri.

Gulaninso mita, ngakhale kachikasu kotchipa kaja. Batire likapuma maola angapo osalumikizidwa ku chilichonse, lodzaza limaonetsa 12.6 kapena 12.7, la theka limaonetsa 12.2. Mukaona 12.0 musapite nalo panyanja. Mitayo ikayamba kuonetsa manambala okwera modabwitsa, sinthani kabatire kake ka 9V, chifukwa kakafooka imanama mokweza. Madzi akatsika thiranimo madzi a batire ogula, osati a m'nyanja kapena a pamjigo, ndipo asidi musawonjezere. Pamitu ya batire pakani Vaseline. Pafupi ndi mutu wa + ikani fyuzi ya ma amp 10. Ndinaonapo bwato limene mawaya anagundana pakati pa usiku, pulasitiki n'kuyaka, anthu ali kutali ndi gombe. Anapulumuka, koma fyuzi ya ndalama zochepa ikanaletsa zonsezo.

FUNSO: Ndagula Arduino, nyali yake ikuyaka, koma laputopu sikuiona. Yafa? Ndine wophunzira wa pa boma.

YANKHO: Siinafe. Yambani mwasintha kebulo. Makebulo ambiri otchipa, makamaka obwera ndi matochi ndi timasipika, ali ndi mawaya awiri a magetsi okha, awiri onyamula uthenga mulibe. Ikakanabe, yang'anani ka chip kamene kali pafupi ndi polowetsa USB. Pakalembedwa CH340, bolodi lanu ndi lotsanzira, ndipo zimenezo si vuto, limagwira ntchito bwino lomwe. Likungofuna dirayiva ya CH340 pa kompyuta, kapulogalamu kothandiza kompyutayo kulizindikira. Mukaitsitsa isungeni pa flash, mudzathandiza nayo anzanu tsiku limene bandulo yatha.

FUNSO: Ndamva kuti m'mabatire akufa a laputopu mumakhala timabatire tabwino. Ndi zoona? Nanga a 18650 olembedwa 9900mAh a pamsika aja? Ndine wokonza mawailesi wa ku Malindi.

YANKHO: Ndi zoona, mnzanga, ndipo pa zonse zimene ndatola m'zinyalala za ntchito yathuyi palibe chimene chimandisangalatsa kuposa ichi. Batire la laputopu zakale zija nthawi zambiri limakhala ndi ma 18650 asanu ndi limodzi. Awiri akafooka, laputopu imakana lonse, pamene anayi akadali ndi moyo. Mwezi wathawu ndinatsegula atatu amene ofesi ina inkafuna kutaya, ndinapezamo 11 abwino. Pano ena akuyatsa nyali zowerengera ana kunyumba kwa mlongo wanga.

Tsegulani mofatsa, chitsulo chisagunde mitu iwiri nthawi imodzi. Yezani lililonse. Loonetsa pansi pa ma volt 2, lotupa, ladzimbiri kapena long'ambika chikopa, lisiyeni. Otsalawo atchajeni limodzilimodzi ndi kabolodi ka TP4056, kamene kamalekezera pa 4.2, ndipo sankhani kokhala ndi chitetezo, kali ndi malo olembedwa OUT kuwonjezera pa a B. Mukamatchaja muzilikhudza, likatentha lichotseni. Kenako asiyeni sabata. Limene latsika lokha kufika pansi pa 4.0 likudontha mkati, silothandiza. Chonde ntchito imeneyi muzichitira pasimenti, inu muli pomwepo, osati m'nyumba ya udzu usiku anthu atagona. Moto wa lithium ndi woopsa.

A 9900mAh aja ndi bodza. A makampani odziwika monga Samsung, LG ndi Panasonic amalekezera cha m'ma 3500. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45, ndiye mukalitenga m'manja n'kumva kupepuka, libwezeni.

FUNSO: Ankolo, ndili Fomu 3. Ndimafuna kuphunzira kulemba mapulogalamu koma kwathu kulibe kompyuta, ndili ndi foni ya Android ya amayi basi. Anzanga akuti ndingotaya nthawi. Ndine mtsikana wa kwa Chimwala.

YANKHO: Mwanangu, foni ya amayi akoyo ili ndi mphamvu kuposa kompyuta imene ine ndinaphunzirirapo. Upemphe chilolezo, upite pamalo pamene netiweki ili bwino, utsitse Pydroid 3. Ukaitsitsa kamodzi imagwira popanda intaneti. Chilankhulo chake ndi Python, chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991, ndipo lero chikugwira ntchito m'mabanki ndi m'mayunivesite dziko lonse lapansi. Chimene uphunzire pafonipo n'chomwecho, si chachibwana ayi.

Ndikuuziretu zimene zikukhumudwitse sabata yoyamba, kuti usadzaganize kuti mutu wako ndi wouma. Kiyibodi ya foni imakonda kukulitsa chilembo choyamba, ndiye ulemba print iyo n'kuika Print, Python n'kukana. Uzimitse kudzikonzera mawu kumeneko. Chachiwiri ndi mipata ya kumayambiriro kwa mzere. Mu Python mipatayo ili ndi tanthauzo, uziika inayi nthawi zonse pansi pa if kapena for. Zilembo zofiira zikatuluka usachite mantha, uyambe kuwerenga mzere wapansi penipeni, ndi umene umanena chimene chalakwika, ndipo pamwamba pake pamakhala nambala ya mzere wolakwikawo. Safunsa anadya phula, ndiye ukakanika undilembere mawu ofiirawo ndendende mmene alili.

Popeza foni si yako, gula kope la masamba 40. Masana uzilemba khodi ndi pensulo, uziiyendetsa m'mutu mzere ndi mzere ukulemba pambali zimene nambala iliyonse yasanduka, madzulo amayi akabwera uziyesa pafoni. Pulogalamu yako yoyamba ikhale ya pakhomo panu pomwepo. Ngati amayi amagulitsa usipa kapena tomato, ilembe yoti izifunsa mtengo wooda, ndalama ya thiransipoti ndi ya chiphaso cha pamsika, kenako izinena mtengo wogulitsira kuti asaluze.

Kulemba ndi zala ziwiri pagalasi kumatopetsa. Pali kakebulo kotchedwa OTG kamene kamalola kulumikiza kiyibodi ya kompyuta ku foni zambiri za Android. Pano pashopu ndili ndi makiyibodi akale atatu, imodzi ilibe batani la F5 koma zilembo zonse zikugwira. Tsiku limene amayi ako akubwera ku boma, ubwere nawo pamodzi ndi foniyo kuti tidzayese ngati ikulola OTG, ndipo ikalola udzanyamule kiyibodiyo.